Kirimu wopanga nokha akayamba kuyabwitsa: kupeza chimene chalakwa

Linali tsiku lachitatu chiyambireni kudzola kirimu amene ndinapanga ndekha pamene zikope zinayamba kuyabwa. Masaya analibe vuto, m'manja mmene ndinkatengera kirimuyo munalinso bwinobwino, koma zikopezo zinatupa pang'ono, kenako zinayamba kusupuka timamba toyera ngati mfundu. Ndinatenga pepala limene ndinalembapo zosakaniza n'kuyamba kufunafuna choloza chala. Chala chinagwera pa preservative, mankhwala aja oletsa tizilombo kuswana m'kirimu, pa chifukwa chimodzi chokha: dzina lake linali lalitali ndi lachilendo, pamene zina zonse zinali mafuta a zomera amene ndinkawakhulupirira. Ndinapanga wina wopanda preservative. Kuyabwa sikunathe, ndipo patapita masabata awiri kunsi kwa chivundikiro cha botolo kunamera timadontho takuda ta chuku. Chimene chinkandivutitsa ndinachipeza mochedwa. Kanali kabotolo ka mafuta a lavender kamene kanakhala pawindo zaka ziwiri, kakutsegulidwa n'kutsekedwa, kakuwombedwa ndi dzuwa tsiku ndi tsiku.

Chiyambire pamenepo ndaona anthu ambiri opanga sopo, loshoni ndi mafuta odzola kunyumba akugwera m'mbuna yomweyi. Khungu likadandaula timathamangira kuchotsa chinthu chimene tinkachikayikira kale, osayamba tafunsa khungulo. Chonsecho khungu limanena zambiri: layamba liti kuvuta, lavuta pati, lavuta motani. Mayankho a mafunso atatuwa amachepetsa kwambiri zinthu zoti muzikayikire.

Kupsa ndi kuwengedwa n'zosiyana

Pamwamba penipeni pa khungu pali kachigawo kopyapyala kwambiri kamene madokotala amakatchula kuti stratum corneum. Kanamangidwa ngati khoma: maselo akufa ndiwo njerwa, mafuta achilengedwe a khungu ndiwo matope omata njerwazo. Khomali limasunga madzi m'kati, n'kutsekera kunja zimene siziyenera kulowa. Chinthu chikasungunula matopewo kapena kuwononga njerwazo, madzi amathawa, mitsempha ya pansi imakhudzidwa, ndiye munthu amamva kutentha, kubayabaya, khungu limakokana ndi kutuwa. Uku ndiko kupsa, ndipo ndi kumene kumachitika kawirikawiri; pa anthu 10 amene khungu lawo latupa chifukwa chokhudzana ndi chinthu, pafupifupi 8 amakhala kuti lapsa chabe. Kupsa sikusankha munthu. Muyezo ukakwera mokwanira, aliyense amapsa. Kumakhala pamalo pomwe mwadzola, malire ake amaoneka, ndipo kumawawa kuposa mmene kumayabwira. Mukachepetsa muyezo vuto limachepa.

Kuwengedwa ndi nkhani ina. Pano chitetezo cha m'thupi ndicho chaphunzira kuona chinthu china ngati mdani. Kuphunzirako kumatenga masiku 10 mpaka 14 pa ulendo woyamba, ndipo kungachitike mwakachetechete munthu atadzola chinthucho miyezi ngakhale zaka popanda vuto. N'chifukwa chake mawu akuti "koma ndakhala ndikudzola zimenezi kuyambira kalekale" sachotsa chinthu pa mlandu. Thupi likaphunzira, ziwengo zimatuluka patapita maola 24 mpaka 72 chidzolereni, osati nthawi yomweyo. Zimayabwa koopsa, zimabwera ndi tinsungu kapena timatuza ta madzi, ndipo zimatha kufalikira kupitirira pamene munadzola. Zimakonda malo a khungu lopyapyala monga zikope ndi khosi, pamene zikhatho, zokhala ndi khungu lochindikala, zimatha kukhala osaonetsa kanthu. Chowawa kwambiri n'chakuti kachidutswa kochepetsetsa kamakwana kudzutsa ziwengozo, ndipo nthawi zambiri thupi siliiwalanso moyo wonse.

Pali mtundu wachitatu umene umabwera mwachangu: patangopita mphindi zochepa pamatuluka zidzolo zotukuka kapena nkhope imatentha n'kufiira, kenako zonse zimazimirira pa maola ochepa. Nthawi zina izi sizikhudzana ndi chitetezo cha m'thupi, ndi mmene zinthu monga sorbic acid, benzoic acid ndi sinamoni zimatakasira timitsempha ta magazi. Koma nthawi zina ndi ziwengo zenizeni za mapuloteni a zakudya, ndipo zimenezo n'zoopsa. Ngati milomo, lilime kapena kukhosi kwatupa, kapena kupuma kwayamba kuvuta, siyani zofufuza, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.

Chenjezo limodzi pa nkhani ya nthawiyi: kupsa nakonso kumatha kuchedwa. Chinthu chopsereza pang'onopang'ono chimakukuta khoma lija tsiku ndi tsiku, khungu likulephera kudzikonza pakati pa kudzola kwa m'mawa ndi kwa madzulo, mpaka sabata yachitatu vuto n'kuonekera. Ndiye nthawi payokha si umboni wokwanira, muziiphatikiza ndi maonekedwe ndi malo.

Komanso malangizo ambiri amati "yang'anani kufiira", ngati kuti khungu lonse limafiira. Pa khungu lakuda kutupa kumaoneka ngati kudera kuposa malo ozungulira, kutuwa, kapena kofiirira mobisika. Gwiritsani ntchito zala: pamalopo pamatentha, pamakhala pokhakhala kapena potukuka pang'ono. Ndipo khungu lakuda likatupa limakonda kusiya banga lakuda limene limatenga miyezi kuti lizimirire, choncho kupirira kirimu woyabwitsa kumalipitsa kawiri. Mawu aja akuti "akaluma ndiye kuti akugwira ntchito" ndimadana nawo kwambiri. Awonongetsa nkhope za anthu ambiri.

Muyezo, ndi pH

Ndikafunsidwa za kirimu woyabwitsa, funso langa loyamba silikhala lakuti munathiramo chiyani, koma munayeza bwanji. Amene amayeza ndi masupuni ndi madontho sadziwa chimene wapanga. Dontho si muyezo: mililita imodzi ingatulutse madontho 20 pa botolo lina, 30 kapena kuposa pa lina, malinga ndi kukula kwa kabowo ndi kulemera kwa mafutawo. Sikelo ya kukhitchini imene imadumpha galamu imodziimodzi nayonso siyithandiza. Ngati mukupanga magalamu 50 a kirimu ndipo preservative akufunika 1 peresenti, ndiye kuti mukufuna magalamu 0.5; sikelo yotere ingakupatseni theka la muyezowo kapena kuwirikiza kawiri, inu osadziwa. Pamafunika sikelo yowerenga mpaka magalamu 0.01, ndipo chilichonse chilembedwe mu maperesenti a kulemera kwake.

Chachiwiri ndi pH, muyezo wosonyeza ngati chinthu chapendekera ku asidi kapena ku alkali. Pamwamba pa khungu labwino pH imakhala pakati pa 4.5 ndi 5.5, ndiye kuti ndi ya asidi pang'ono, ndipo ma enzyme amene amapanga matope a khoma lija amagwira bwino ntchito pamenepo. Manambala a pH amapusitsa chifukwa sitepe imodzi ndi kuchulukitsa ka 10. Madzi a mandimu ali cha pa 2, khungu cha pa 5; kusiyana kwa masitepe atatuwa kukutanthauza kuti mandimu ali ndi mphamvu ya asidi kuwirikiza pafupifupi ka 1,000. Kumbali inayo kuli soda wophikira, amene pH yake imaposa 8 pang'ono. Ambiri amamuthira m'mafuta oletsa fungo la m'khwapa, ndipo zotsatira zake n'zodziwika: masiku oyamba zonse zili bwino, kenako m'khwapa muyamba kuwotcha, kuda ndi kusupuka, makamaka mwangometa kumene. Munthu amaganiza kuti mafuta a kokonati amuwenga, pamene vuto ndi sodayo.

Ma asidi osupula khungu, monga glycolic ndi lactic, mphamvu yake imadalira zinthu ziwiri pamodzi, kuchuluka ndi pH. Malire amene akatswiri a chitetezo cha zodzoladzola anavomereza pa zogwiritsa ntchito kunyumba ndi osapitirira 10 peresenti, pa pH ya 3.5 kapena kuposa. Muyezo womwewo wa 10 peresenti mukausiya osaukonza pH imatha kutsika kufika cha pa 2, n'kukhala chinthu chowotcha. Vitamini C wa mtundu wa ascorbic acid amafuna pH yotsika kuposa 3.5 kuti alowe m'khungu, choncho kubayabaya kwake kumachokera pamenepo. Ndipo pH siyikhazikika malo amodzi. Kirimu wokhala ndi urea, mwachitsanzo, amakwera pH pang'onopang'ono pamene ureayo akusweka. Yezani pa tsiku lopanga, mudzayezenso patatha masabata angapo. Ngati kirimuyo ndi wolimba, sungunulani galamu imodzi m'magalamu 9 a madzi a distilled, muyeze madziwo. Mafuta okhaokha opanda madzi alibe pH yoti n'kuyeza.

Opanga sopo ali ndi vuto lawolawo. Sopo weniweni, wopangidwa ndi mafuta ndi caustic soda, amakhala ndi pH ya 9 mpaka 10 ngakhale atapangidwa bwino chotani. Ndicho chibadwa chake, ndipo nkhope zina sizimupirira. Koma sopo wowotcha ndi wina: ameneyo caustic soda anatsalira. Mafuta a mtundu uliwonse amadya caustic soda pa muyezo wakewake. Kilogalamu imodzi ya mafuta a kokonati imafuna magalamu opitirira 180, pamene ya maolivi imafuna pafupifupi 135. Munthu akasowa mafuta a kokonati n'kuthira a maolivi osawerengetsanso, magalamu pafupifupi 50 a caustic soda amatsala opanda mafuta oti adye, n'kukadya khungu. Sopo wotere amakhala wofumbutuka, nthawi zina ali ndi timabowo ta madzi m'kati. Kumuyanika masabata 4 mpaka 6 kumachotsa madzi n'kumufewetsako, koma si njira yodalirika yokonzera masamu olakwika. N'chifukwa chake opanga sopo amasiya dala mafuta owonjezera, cha pa 5 peresenti.

Mafuta a fungo

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene pamabisala milandu yambiri. Zonunkhiritsa zili m'gulu la zinthu zimene zimawenga anthu kwambiri m'zodzoladzola zonse, ndipo ma essential oil, mafuta a fungo otchezedwa kuchokera ku zomera, sali kunja kwa gululo. Kabotolo kamodzi kamakhala ndi mitundu ya makemikolo makumimakumi, yamphamvu kwambiri chifukwa masamba ochuluka anafinyidwira m'madontho ochepa. Thupi silifunsa ngati linalool, imodzi mwa makemikolo amenewa, wachokera m'duwa kapena m'fakitale.

Ena mwa mafutawa ndi aukali chibadwire. A khungwa la sinamoni ali ndi cinnamaldehyde, ndipo malire amene amalangizidwa pa zodzola ndi otsika kuposa 0.1 peresenti, ndiye kuti madontho awiri kapena atatu okha m'magalamu 100. A clove, okhala ndi eugenol, amalekezera cha pa 0.5 peresenti, a lemongrass, okhala ndi citral, cha pa 0.7. A oregano ndi thyme nawonso amawotcha. Pa zodzola kumaso, ma essential oil onse pamodzi ndi bwino asapitirire pafupifupi 1 peresenti, ndipo kwa munthu wa khungu lovuta kapena mwana wamng'ono ndi bwino asakhalemo n'komwe.

Ena amabadwa ofatsa n'kulusa akakalamba. Timati tsabola wakale sawawa, koma pa mafuta awa n'zosemphana: akale ndiwo oluma. Linalool wa mu lavender ndi limonene wa m'mafuta a malalanje ndi mandimu sawenga kwenikweni akakhala atsopano. Akakumana ndi mpweya, kuwala ndi kutentha amasintha n'kupanga ma hydroperoxide, ndipo amenewa ndiwo amaphunzitsa thupi ziwengo. Mafuta a tea tree nawonso amatero. Ichi n'chimene chinandichitikira ndi lavender uja. Botolo latheka ndi loopsa kuposa lodzaza chifukwa mpweya wachuluka m'kati. Fungo limatha kusintha pang'ono, mafuta n'kuyamba kunanda pakamwa pa botolo, koma nthawi zina simuona chizindikiro chilichonse. Lembani tsiku lotsegula pabotolo, sungani pozizira ndi pamdima, ndipo a malalanje ndi mandimu ndi a tea tree asapitirire chaka chitsegulireni. Ngati njira yopangira ndi yomweyo imene munkagwiritsa ntchito chaka chatha popanda vuto, kayikirani msinkhu wa zosakaniza musanakayikire njirayo. Mafuta wamba onyamulira enawa nawonso amasasa akakalamba, fungo lake limakhala ngati la penti yakale, ndipo akatero amapsereza.

Kenako pali dzuwa. Mafuta a bergamot (chipatso cha banja la malalanje), a lime ndi a mandimu ofinyidwa kuchokera ku makoko ali ndi ma furocoumarin, amene paokha sachita kanthu koma akakumana ndi kuwala kwa dzuwa amawotcha maselo. Patapita tsiku limodzi kapena awiri pamatuluka matuza ngati munthu wapsa ndi moto, kenako banga lakuda lokhalitsa. Chizindikiro chake n'chosavuta: vuto limaoneka pokhapo pamene dzuwa linafika, nthawi zina m'mizere yotsatira mmene madziwo anayenderera kapena mmene zala zinapakira. Bungwe la IFRA, limene limaika malire a zonunkhiritsa, limalola bergamot wofinyidwa kufika 0.4 peresenti yokha pa zodzola zokhalira pakhungu, lime 0.7, mandimu 2. Madzi a mandimu opaka kumaso pofuna kuchotsa mabanga amaphatikiza mavuto awiri, asidi ndi dzuwa, ndipo kawirikawiri amasiya banga loposa limene munthu ankafuna kuchotsa.

Kusakaniza nakonso ndi nkhani. Ma essential oil sasungunuka m'madzi. Mukawathira mu toner (madzi opukutira kumaso) kapena m'madzi opopera kumaso popanda chowasungunula monga polysorbate 20, amayandama pamwamba. Pa pepala muyezo ndi 0.5 peresenti, koma dontho limene lafika pa tsaya ndi mafuta okhaokha osasungunula. Kukhutchumula botolo kumangowabalalitsa kwa masekondi ochepa. Loshoni amene wayamba kulekana, madzi pansi mafuta pamwamba, amachitanso zomwezo. Ngati kirimu wa pamwamba pa botolo ankaluma koma wa pansi sakuluma, kapena tsiku lina amaluma lina ayi, ganizirani za kusakaniza.

Preservative: kukhalamo ndi kusakhalamo

Ndi zoona kuti ma preservative ena amawenga. Methylisothiazolinone anawenga anthu ochuluka moti mu 2013 bungwe la American Contact Dermatitis Society linamutchula kuti ndiye chowenga cha chaka chimenecho, ndipo kuyambira 2017 mayiko a European Union samulola m'zodzola zokhalira pakhungu. Amene amatulutsa formaldehyde pang'onopang'ono, monga DMDM hydantoin, nawonso amawenga ena. Phenoxyethanol amalekezera pa 1 peresenti, ndipo kupitirira pamenepo amaluma, makamaka pafupi ndi maso. Sodium benzoate ndi potassium sorbate amagwira ntchito pokhapokha pH ikakhala yotsika, cha pa 5 kapena kutsikirapo, ndipo ndi abale a benzoic acid ndi sorbic acid aja ofiiritsa nkhope kwa kanthawi.

Koma yankho ndi kusintha mtundu kapena kukonza muyezo, osati kuchotseratu. Chilichonse chokhala ndi madzi ndi munda wa tizilombo, ndipo tiyi wa masamba, aloe vera wongodula kumene, mkaka kapena uchi wosungunula ndi manyowa a mundawo. Mabakiteriya amachuluka pa masiku ochepa kirimu akuonekabe woyera ndi wonunkhira. Chuku chikamaoneka ndi maso ndiye kuti zinthu zinawonongeka kalekale. Furiji imangochedwetsa. Vitamini E ndi rosemary extract amateteza mafuta kuti asasase, sapha tizilombo, ngakhale ambiri amawatchula kuti preservative. Kirimu wowonongeka amakonda kubweretsa tiziphuphu ta mafinya pamene pamera tsitsi, kapena kutukusira pa khungu long'aluka, ndipo bakiteriya wotchedwa Pseudomonas aeruginosa akafika m'diso angathe kuliwononga. Chizindikiro cha kirimu wowonongeka ndi chakuti sabata yoyamba anali bwino, vuto layamba botolo litakhalitsa ndi kupisidwamo zala.

Zina zotsala ndingozidutsa mofulumira. Chamomile, calendula ndi arnica, zimene timazidziwa ngati zoziziritsa khungu, ndi za banja limodzi la zomera limene limawenga anthu ena. Sera wa njuchi wosayeretsa amakhala ndi propolis, utomoni umene njuchi zimamatira mng'oma, ndipo umenewu umayambitsa ziwengo za milomo. Lanolin, mafuta ochokera ku ubweya wa nkhosa, amawenga makamaka amene khungu lawo ndi lodwala kale. Madzi achikasu otuluka kunsi kwa khungwa la aloe vera amapsereza. Pa zochapira, sodium lauryl sulfate ndi waukali moti ofufuza amamugwiritsa ntchito dala akafuna kupsereza khungu poyesa zinthu. Ngakhale mafuta a maolivi ali ndi mbali yake: mu kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2013, ofufuza a ku University of Sheffield anapeza kuti kuwadzola tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo kunafooketsa khoma la khungu, pamene a mpendadzuwa sanatero. Ndipo zakudya pakhungu zili ndi chiopsezo chake. Ku Japan sopo wina wa kumaso wokhala ndi puloteni ya tirigu anachotsedwa pamsika mu 2011, ndipo anthu oposa 2,000 anapezeka kuti tirigu wayamba kuwawenga, ena mpaka kudwala kwambiri akadya chakudya cha tirigu. Khungu long'aluka ndi khomo limene thupi lingaphunzirire kudana ndi chakudya.

Kufufuza kwenikweni

Choyamba siyani zonse, osati kirimu mukumukayikirayo yekha. Tsalani ndi madzi, chosambira chofatsa chopanda fungo, ndi petroleum jelly wamba. Dikirani khungu lipole, masabata awiri kapena kuposa. Khungu lotupa limadana ndi chilichonse, ndiye kuyesa pa nthawi imeneyi kumakunamizani. Botolo lovutalo musalitaye, ndi umboni. Lembani tsiku limene munalipanga, tsiku loyamba kudzola, tsiku limene vuto linayamba, ndipo jambulani pamalopo tsiku lililonse pa kuwala kofanana.

Pamene mukudikira, dzifunseni mafunso amene safuna kuyesa. Kodi onse amene anadzola aona vuto, kapena munthu mmodzi yekha? Ngati ndi onse, kayikirani muyezo, pH kapena kuwonongeka; ngati ndi mmodzi pa anthu ambiri, ziwengo ndizo zikutsogola. Kodi pali chinasintha: wogulitsa zosakaniza, botolo latsopano la mafuta, sikelo ina? Nanga kunja kwa kirimuyo? Munthu amene wayamba kudzola retinol (mtundu wa vitamini A), akukhula kumaso ndi scrub, kapena wangometa, khoma lake lafooka kale, ndipo kirimu wosalakwa amaluma. Ziwengo za m'zikope nthawi zina zimachokera ku penti wa zikhadabo, zala zikamagwira m'maso. Za m'mphepete mwa tsitsi zingachokere ku dayi. Ndipo ngati munasakaniza zinthu zanu mu kirimu wogula wosalembedwa zimene zili m'kati, makamaka oyeretsa khungu, simungadziwe chimene mukulimbana nacho, chifukwa ena a iwo amabisa ma steroid amphamvu, hydroquinone kapena mercury.

Khungu likapola, yesani kirimuyo monga alili. Sankhani malo a masentimita atatu kapena asanu mbali zonse m'kati mwa mkono, pafupi ndi popinda chigongono. Pakani kawiri pa tsiku, osaphimba, kwa masiku 7 mpaka 10. Kuyesa kwa usiku umodzi kumene ambiri amachita kumagwira zopsereza zaukali zokha. Ziwengo zochedwa ndi kupsa kwa pang'onopang'ono kumadutsa osaoneka. Pakangooneka tinsungu kapena kuyabwa, siyani, mwapeza yankho. Mkono ukakhala bwino yesaninso m'mbali mwa khosi, chifukwa nkhope ndi yanthete kuposa mkono. Sopo ndi zina zotsuka muziyese mmene zimagwirira ntchito: pakani, dikirani pang'ono, tsukani. Musamamatire sopo ndi pulasitala, aliyense angapse. Ndipo musayese kupaka essential oil, preservative kapena asidi wosasungunula pofuna kuona msanga. Mungadziwotche, kapena kudzipatsa ziwengo zimene munalibe.

Mukatsimikiza kuti kirimuyo ndiye akuvutitsa, mugaweni. Pangani magalamu 100 a maziko okha: madzi, mafuta, emulsifier (chogwirizanitsa madzi ndi mafuta kuti zisalekane) ndi preservative, opanda fungo, opanda asidi, opanda za zomera. Gawani m'timabotolo tisanu ta magalamu 20. Kamodzi kasiyeni momwemo. Tinayo muthiremo chinthu chimodzichimodzi, pa muyezo womwe unali m'kirimu woyambayo. Ngati n'kotheka wina alembe manambala pa timabotolo n'kusunga pepala la mayina, chifukwa munthu ukakayikira chinthu khungu limayamba kukuyabwa usanadzole n'komwe. Yesani tiwiri pa nthawi imodzi, kena dzanja lamanja kena lamanzere, ndipo kamaziko kokha kakhale koyamba. Kakavutitsa, ndiye kuti mlandu uli mu pH, emulsifier, preservative kapena mafuta, ndipo mafutawo mungawayese limodzilimodzi mosavuta. Ngati palibe kamene kavutitsa pakokha koma zonse pamodzi zikuvutitsa, ndiye kuti ndi katundu wochuluka: asidi watsegula khomo, fungo n'kulowa mozama. Mukapeza chokayikitsa, bwerezani ndi botolo latsopano la chinthu chomwecho. Umu ndi mmene ndinasiyanitsira lavender ndi ukalamba wake, ngakhale kuti pofika nthawiyo thupi langa linali litaphunzira kale, ndipo masiku ano ndimangomupewa. Ntchito yonseyi imatenga mwezi kapena iwiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amene wasintha zinthu zitatu nthawi imodzi, ngakhale achire, sadziwa chimene chamuchiritsa.

Kuyesa kwa kunyumba kuli ndi malire ake. Kungakuuzeni kuti kabotolo kachitatu ndiko kakuvutitsa, koma sikungakuuzeni kuti ndi kemikolo iti m'katimo. Zimenezo amapeza ndi dokotala wa khungu kudzera mu patch test, njira imene Josef Jadassohn wa ku Germany anaifotokoza mu 1895. Amamata pamsana tizinthu todziwika kuti timawenga, pa muyezo woyesedwa bwino, n'kutisiya maola 48. Akachotsa amayang'ana, kenako amadzayang'ananso pa tsiku lachitatu kapena lachinayi, nthawi zina mpaka lachisanu ndi chiwiri, chifukwa ziwengo zina zimachedwa. Pitani kwa dokotala ngati pali matuza, mafinya, kutupa kwa maso, ngati vuto likufalikira, ngati ndi mwana, kapena ngati sabata ziwiri zatha musakudzola koma sizikusintha. Musadzigulire kirimu wa steroid n'kumadzola kumaso kwa nthawi yaitali: amaziziritsa msanga, koma amabisa umboni, amapyapyalitsa khungu, ndipo angabweretse tinsungu tozungulira pakamwa.

Popita tengani botolo lenilenilo, mndandanda wa zosakaniza ndi maperesenti ake, masiku aja munalemba, ndi zithunzi. Dokotala akakuuzani dzina la chimene chikukuwengani, lifufuzeni kuti limabisala kuti. Amene linalool amamuwenga sathana nazo pochotsa lavender yekha, chifukwa linalool yemweyo alinso mu bergamot, coriander, basil ndi zonunkhiritsa zambiri za m'masopo ndi mashampu ogula. Wa citral ayang'anenso lemon verbena ndi melissa, osati lemongrass yekha. Ndipo ngati mumapatsa kapena kugulitsa zimene mumapanga, lembani pabotolo chilichonse chimene chili m'kati, ndi tsiku lopanga, kuti wina amene akudziwa kale chimene chimamuwenga awerenge asanatsegule.